Tisamuvule yunifolomu chifukwa cha shuga

Pa 1 June 2024, pabwalo la Wembley mumzinda wa London, timu ya Real Madrid itagonjetsa Borussia Dortmund ndi zigoli ziwiri kwa duu, amene adapatsidwa chikho cha Champions League kuti achikweze m'mwamba adali kaputeni wake, Nacho Fernández. Ambiri mwa ife tidaonera masewerawo, ena kunyumba, ena titapanikizana m'tinyumba toonetsa mpira m'misika, ndipo tidaona bambo wa zaka 34 wojintcha, akumwetulira ngati wopanda vuto lililonse. Chimene kanema sadationetse n'chakuti munthuyu wakhala akudalira insulini tsiku ndi tsiku kuyambira ali ndi zaka 12.

Mwini wake adasimbapo poyera mmene zidayambira. Adali kale m'timu ya ana ya Real Madrid pamene adamupeza ndi matenda a shuga. Dokotala woyamba kumuona kuchipatala adamuuza kuti za mpira aiwale. Mwanayo adakhala masiku atatu mtima uli wosweka, kufikira atakumana ndi dokotala wina, katswiri wa matendawa, amene adamuuza zosiyana kotheratu: mpira asausiye, pakuti masewera olimbitsa thupi ndi mbali ina ya mankhwala ake. Mwana uja adauzidwa kuti aiwale za mpira ndiye adadzapambana chikho cha Champions League kasanu ndi kamodzi, adamwetsa chigoli cha dziko la Spain pokumana ndi Portugal pa World Cup ya 2018, ndipo mu July 2024 adali m'gulu la Spain limene lidatenga chikho cha mayiko a ku Ulaya.

Masiku atatu amenewo ndiwo tikufuna tiwalingalire lero, abale ndi alongo. Dokotala woyamba uja sadali munthu woipa. Adalankhula mwa mantha, ndipo mantha akewo adali ndi chifukwa, pakuti wodwala shuga angathe kugwa pabwalo osadzukanso. Ifenso makolo, aphunzitsi, makochi ndi otsogolera achinyamata m'mipingo mwathu timagwidwa ndi mantha omwewo. Mwana akangopezeka ndi shuga timamuvula yunifolomu, n'kumukhazika pakhonde kuti azionera anzake, tikumati tikumusamala. Maganizo athu ndi akuti chifundo chotere chili ndi ulesi m'kati mwake. N'kwapafupi kumuletsa mwana kusiyana n'kukhala pansi kuphunzira mmene matenda ake amayendera, ndipo ife timasankha chapafupicho n'kuchitcha chikondi.

Tiyeni tsono tiphunzireko. Matenda a shuga ali m'magulu awiri akuluakulu. Gulu loyamba, limene ali nalo Nacho, limagwira kawirikawiri ana ndi achinyamata: kapamba amasiyiratu kupanga insulini, chifukwa chitetezo cha thupi chimasokonezeka n'kuononga tizigawo timene timaipanga. Sikuti mwana adadya maswiti ambiri, sikuti adalodzedwa, ndipo si chilango cha zolakwa za makolo. Chaka cha 1922 chisanafike, mwana wotere ankangowonda mpaka kumwalira. Insulini idatulukiridwa ku Toronto m'dziko la Canada mu 1921 ndi Frederick Banting ndi Charles Best pamodzi ndi anzawo, ndipo woyamba kubayidwa, mu January 1922, adali mnyamata wina, Leonard Thompson. Gulu lachiwiri ndilo la anthu ochuluka, pafupifupi 9 mwa odwala 10 aliwonse: insulini ilipo koma thupi siliimvera bwino. Limakonda kudza ndi kukula, kunenepa ndi kumtundu, komabe silisankha. Steve Redgrave, katswiri wopalasa bwato wa ku Britain, adapezeka nalo mu 1997 ali ndi zaka 35, atapata kale mendulo zinayi za golide pa mipikisano ya Olympics. Yachisanu adakaipata ku Sydney mu 2000 akudzibaya insulini.

Nanga choopsa chili pati munthu wotere akamathamanga? Shuga wochokera m'chakudya amayenda m'magazi, ndipo insulini ndiyo imamutsegulira khomo lolowera m'minofu. Minofu ikamagwira ntchito yolemetsa imatsegulanso makomo ake ena, n'kumameza shuga mofulumira. Mwa munthu wopanda matendawa, kapamba amaona zimenezi n'kuchepetsa yekha insulini. Koma yobayidwa kale siibwezeka. Madzi akatayika saoleka. Imapitirira kugwira ntchito ngakhale minofu ikumezanso mbali yake, ndipo shuga wa m'magazi amatsika. Akatsika kupyola 3.9 pa kamakina koyezera (kapena 70 pa makina owerenga manambala akuluakulu aja), ubongo umayamba kusowa chakudya. Munthu amatuluka thukuta lozizira, amanjenjemera, mtima umagunda mothamanga, m'maso mumachita chidima, njala imamupweteka mwadzidzidzi. Zikapitirira amalankhula zosamveka, amakwiya popanda chifukwa, amadzandira, kenaka amagwa, mwina n'kuphupha.

Apa ndi pamene ife oonerera timalakwitsa kwambiri. Wina amati waledzera. Wina amati ndi khunyu, n'kuyamba kumukanikiza sipuni m'kamwa. Wina amati ndi mizimu yoipa, n'kuitana anthu kuti amuzungulire. Chonsecho chimene akusowa munthuyo chili m'thumba la shuga la pagolosale yapafupi. Akadali wokhoza kumeza, masipuni atatu kapena anayi a tiyi a shuga wosungunula m'madzi, kapena theka la botolo la chakumwa chozizira chotsekemera, amakwanira. Tidikire mphindi 15, tiyezenso, ndipo ngati sadakwere tibwereze. Akatsitsimuka adye chakudya chenicheni, kaya buledi kaya nthochi. Koma ngati wakomoka, tisamuthire kanthu kukhosi kuopa kumutsamwitsa: timugoneke cham'mbali n'kuthamangira naye kuchipatala, ndipo tikafika tinene msanga kuti ndi wodwala shuga. Taonani chodabwitsa chake: shuga yemweyo amene timamuletsa masiku onse ndiye amamupulumutsa tsiku limenelo.

Chodabwitsa china n'chakuti si masewera onse amene amatsitsa shuga. Kuthamanga mtunda wautali, kupalasa njinga kapena kusambira kwa nthawi kumatsitsa. Koma liwiro la kanthawi kochepa, kunyamula zitsulo, ngakhale mantha a tsiku la ndime yomaliza ya chikho, zimachititsa chiwindi kutulutsa shuga amene chidasunga, ndipo manambala amakwera. Mpira wamiyendo ndi wa ntchemberembaye uli ndi zonse ziwiri, n'chifukwa chake wosewera mmodzi yemweyo angatsike Lachitatu pokonzekera n'kukwera Loweruka pa masewera enieni. Palibe amene angalote zimenezi. Kuyeza kokha ndiko kumanena zoona. Akatswiri amalangiza odalira insulini kuti ayambe masewera shuga ali pakati pa 7 ndi 10. Akakhala pansi pa 5 ayambe adya kanthu kotsekemera n'kudikira kuti akwere. Akapyola 15 popanda chifukwa chodziwika, makamaka ngati munthu akumva mseru, ludzu losatha kapena m'mimba kupota, tsiku limenelo asasewere, apite kuchipatala. Za kuchepetsa mlingo wa insulini tsiku la masewera, imeneyo ndi nkhani ya wodwala ndi dokotala wake, osati ya kochi kapena ya ife olemba m'nyuzipepala. Safunsa adadya phula.

Tifike pa mbale. Pali uphungu wina umene umayenda m'makomo mwathu wakuti wodwala shuga asakhudze nsima, azingodya masamba owiritsa opanda mchere. Wothamanga akautsata uphungu umenewu sangathe mphindi 90. Minofu imayendera chakudya chopatsa mphamvu: nsima, mpunga, mbatata, chinangwa, nthochi. Nkhani yagona pa mtundu wake, kuchuluka kwake ndi nthawi yake. Nsima ya mgaiwa imaposa ya ufa woyera chifukwa gaga amene timataya pokonola ndiye amachedwetsako shuga kulowa m'magazi, ngakhale tisanamizane kuti mgaiwa ulibe shuga; mitanda isanu ya mgaiwa ndi mitanda isanu ndithu. Chimene chimathandiza kwambiri ndi ndiwo zimene zatsagana nayo. Nyemba, nandolo, khobwe, usipa, matemba, mazira, ndi masamba otendera nsinjiro monga mkhwani, bonongwe, chisoso ndi khwanya, zimachititsa kuti chakudya chigayike pang'onopang'ono. Mbale imene masamba atenga theka, ndiwo zomanga thupi zatenga gawo lake, nsima n'kutenga kotsalako, ndi mbale imene banja lonse lingadye popanda wina kudandaula. Kunena zoona, ndi mmene agogo athu ankadyera tisanayambe kuyesa ufa woyera, buledi ndi zokazinga ngati chizindikiro cha kutukuka.

Mdani weniweni amabwera m'kapu. Tiyi wa masipuni anayi, zakumwa za m'mabotolo, thobwa wothira shuga, ndi zakumwa zija achinyamata akuzikonda masiku ano poti zimapatsa mphamvu, zimalowa m'magazi ngati moto wa m'tchire. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Malo ake ndi m'chikwama cha pambali pa bwalo, podikira tsiku la ngozi, osati patebulo. Ludzu la masiku onse likhale la madzi, ndipo wosewera amwe asanayambe, popumulira ndi pomaliza, chifukwa thupi louma limakweza manambala.

Koma ngati pali chinthu chimodzi chovuta kuposa zonse, ndi nthawi. Wodalira insulini sangadye monga timadyera ambirife: lero chakudya cham'mawa chilipo, mawa tadumphira, nkhomaliro ya 12 koloko yafika 4 koloko chifukwa minibasi idachedwa. Chakudya chachikulu chidyedwe maola atatu kapena kuyandikira apo masewera asanayambe, kanthu kochepa monga nthochi kakhale pafupi popumulira, ndipo akatha masewera adye osachedwa kuti minofu ibweze zimene yataya. Alaliki amakonda kutenga wothamanga ngati chitsanzo cha kudziletsa, potsata fanizo lija la m'kalata yoyamba ya mtumwi Paulo kwa Akorinto, ndipo ife timamva kudziletsa ngati kukana chakudya basi. Wothamanga wa shuga amatiphunzitsa mbali ina. Kwa iye kudziletsa nthawi zina ndi kudya pamene sakufuna, kuima pakati pa zokonzekera anzake akumuyang'ana, kuboola chala kachisanu pa tsiku ngakhale akumva bwino. Kumeneko ndi kudziletsa kopanda woombera m'manja.

Tikudziwa chimene ena mwa inu mukunena mumtima, ndipo muli ndi mfundo. Nacho adali ndi madokotala a timu yolemera zedi padziko lapansi. Osewera a mayiko olemera amavala kachipangizo pamkono kamene kamawerenga shuga usana ndi usiku n'kutumiza manambala pafoni. Nanga mnyamata wa ku Ndirande kapena mtsikana wa ku Mchinji, amene timapepala toyezera shuga timamuthera mwezi usanafike pakati, tingamuuze bwanji kuti atsanzire Nacho? Sitikana: kusiyana kulipo ndipo n'kowawa. Mwana amene sangathe kuyeza konse, amene insulini yake imadukizadukiza, kapena amene kwawo chakudya n'cha kamodzi pa tsiku, ali pa ngozi yeniyeni pabwalo, ndipo kumulimbikitsa ndi mawu okhaokha n'kumuika m'kamwa mwa ng'ona. Komabe tionetsetse kumene mfundoyi ikutilozera. Ikutilozera kusowa kwa timapepala ndi chakudya, osati kulephera kwa mwanayo. Timu ya mpingo imene imatha kusonkha ndalama ya yunifolomu yatsopano ndi ya galimoto yopita kumasewera ingathenso kugula kamakina kamodzi ndi timapepala take. Timapepala tikachepa, tisungidwe pa nthawi zimene ngozi ili pafupi: asanayambe masewera, ndi asanagone tsiku la masewera. Kope lakale la kusukulu, lolembamo zimene adadya, zimene adabaya, zimene adasewera ndi manambala amene adapeza, limaphunzitsa wodwala ndi dokotala wake zambiri pakatha miyezi itatu. Kumene kulibe firiji, insulini imasungika m'kabotolo kotsekedwa bwino koikidwa mumtsuko wadothi wa mchenga wonyowa pamthunzi, osati m'thumba la buluku kapena m'chikwama chosiyidwa padzuwa. Ndipo zipatala za matenda okhalitsa za PEN-Plus, zimene kuno kwathu zidayambira m'boma la Neno, zaonetsa kuti chisamaliro cha shuga wa gulu loyamba chingathe kufika kumudzi, osati m'zipatala zazikulu za m'tauni zokha.

Tisaonekenso ngati tikunena kuti chikho chimathetsa matenda. Gary Mabbutt adapezeka ndi shuga ali ndi zaka 17, adasewera m'timu ya Tottenham kuyambira 1982 mpaka 1998, adavalapo yunifolomu ya England maulendo 16, ndipo ndiye adali kaputeni pamene timu yake idatenga chikho cha FA mu 1991. Koma zaka zambiri za matendawa zidamuonongera mitsempha ya m'miyendo. Mu 2013 adachitidwa opaleshoni yaikulu kuti apulumutse mwendo umene magazi adasiya kuyendamo, ndipo mu 2018, ali kokacheza ku Kruger National Park ku South Africa, khoswe adamudya phazi ali m'tulo iye osamva kanthu. Nkhaniyi imanyansa kuimva, koma taisimba dala chifukwa cha mabwalo athu a miyala ndi minga, kumene ana amasewera opanda nsapato kapena ndi nsapato zobwereka zothina. Phazi la wodwala shuga likayamba dzanzi, kabala kakang'ono kangathe kukula mpaka kudulitsa mwendo. Kuyang'ana mapazi madzulo aliwonse, pakati pa zala pomwe, kugwedeza nsapato asanavale, masokosi ouma, ndi kupimitsa maso, impso ndi kuthamanga kwa magazi chaka ndi chaka, n'zofunika kwa wa zaka 18 monga kwa wa zaka 60. M'mera m'poyamba.

Pali nkhani ziwiri zimene zikutikhudza ife a m'nyumba ya mapemphero, ndipo sitingazilambalale. Yoyamba ndi kusala kudya. Mpingo ukalengeza masiku osala, wachinyamata wodalira insulini kapena wakumwa mapiritsi monga glibenclamide amachita manyazi kuoneka wofooka m'chikhulupiriro, amasala, madzulo n'kupita kokathamanga. Zimenezi zingamuphe. Mipingo yambiri idavomereza kuyambira kale kuti odwala samangidwa ndi lamulo la kusala, koma chilolezo chonenedwa monong'ona sichifika kwa mwana wamanyazi. Chinenedwe paguwa, momveka, nthawi iliyonse pamene kusala kukulengezedwa. Yachiwiri ndi yolemera koposa. Alipo amene amauza odwala kuti atasanjikidwa manja ataye mankhwala monga umboni wa chikhulupiriro. Wa shuga wa gulu loyamba akasiya insulini, magazi ake amasanduka owawa ngati asidi pa maola kapena masiku owerengeka, ndipo mapeto ake ndi kukomoka ndi imfa. Sitikutsutsa pemphero, tikupempherera odwala athu ndipo tidzapitirira kutero. Koma amene akukhulupirira kuti wachira apite akayezetse, ndipo jakisoni asasiye kufikira dokotala ataona ndi maso ake. Mlaliki amene akuopa kamakina koyezera ali ndi funso loti ayankhe.

Manyazi omwewo ndiwo amabisitsa matendawa m'matimu. Wosewera amaopa kuti kochi akadziwa amuika pabenchi, motero amakabayira kuchimbudzi, anzake osadziwa chochita tsiku limene wagwa. Alexander Zverev, katswiri wa tenisi wa ku Germany amene adapata golide pa Olympics ya ku Tokyo mu 2021, wakhala ndi shuga kuyambira ali mwana wamng'ono koma adaulula poyera mu 2022. Chaka chotsatira, pa mpikisano wa Roland Garros ku Paris, adadandaula kuti oyang'anira ankamuuza kuti azikabayira kunja kwa bwalo, kufikira nkhaniyo itamveka ndipo adamuloleza. Ngati zingachitikire munthu wotchuka chotere, kuli bwanji mtsikana wa Fomu 2 m'timu ya sukulu? (Kwa amene akulowera kumipikisano ikuluikulu, tikumbutse kuti insulini ili pa mndandanda wa mankhwala oletsedwa wa bungwe la WADA, choncho wodwala amayenera kutengeratu chilolezo cha chipatala, kubisa pamenepo kungamuonetse ngati wakuba.) M'timu iliyonse imene muli wa shuga, kochi ndi osewera awiri kapena atatu adziwe zizindikiro, adziwenso thumba limene muli shuga, ndipo wosewerayo akakweza mkono kuti atuluke, asafunsidwe mafunso.

Kwa ife achikulire a gulu lachiwiri, amene mpira wathu udatsalira wa Loweruka m'mawa ndi anzathu a mimba zotsogola, nkhani yake ndi yopepukirapo. Mphindi 150 pa sabata za kuyenda ndawala, kupalasa njinga kapena kulima, zogawidwa kuti pasadutse masiku awiri tili khale, zimathandiza thupi kumvera insulini yake. Mapiritsi a metformin paokha satsitsa shuga mpaka kugwetsa munthu kawirikawiri; a glibenclamide amatero, ndipo ndi bwino kudziwa dzina la mapiritsi amene tikumwa m'malo mongoti aja oyera aja.

Ngozi imene anthu ambiri saidziwa imabwera oimbira atatha kale kuliza wezulo yomaliza. Minofu imene yagwira ntchito masana imapitirira kukoka shuga m'magazi kwa maola ambiri, ndipo kutsika koopsa kumakonda kudza pakati pa usiku, munthu ali m'tulo. Mowa wa chikondwerero umaonjezera ngoziyo, chifukwa chiwindi chikatanganidwa ndi kusefa mowa chimaleka kutulutsa shuga wopulumutsa uja, ndipo wokomoka wonunkha mowa aliyense amangoti musiyeni agone. Choncho tsiku la masewera wosewera ayeze asanagone, adye kanthu kokhalitsa m'mimba monga mbatata yophika ndi mtedza kapena buledi ndi chiponde, aike shuga ndi madzi pafupi ndi mphasa, ndipo asagone yekha m'nyumba yokhoma. Amene akugona naye chipinda chimodzi, kaya ndi mchimwene wake, mkazi wake kapena mnzake wa kuhositelo, auzidwe kuti akamva kubuula, kapena akaona zofunda zanyowa ndi thukuta usiku wozizira, asadikire kuti kuche: amudzutse pomwepo, ndipo akapanda kudzuka aitane anthu ndi galimoto.